Kupelekeza Dokowe ku Nyimba

Ulendo umene sindidzauiwala ndi uja ndinapita kwathu ku Sandwe kukatenga mbalame. Inde, mbalame. Ku Nyimba kumene ndimaphunzitsa, anthu anazolowela kale kundiona Loweluka m'mawa ndili m'dambo ndi magalasi anga oonela patali, ndipo amanditcha Madamu wa Mbalame, ena mondiseka, ena mondimvela chisoni. Koma zokwela nayo basi, ngakhale ine ndinali ndisanafikepo.

Nkhani inayamba mu Novembala, mvula yoyamba itangogwa. Atata, amene akhala okha chimwalilile amama, anapeza dokowe atakodwa mwendo mu msampha wa nkhanga kumunsi kwa munda wawo. Si adokowe akuda aja timawaona chaka ndi chaka, iyai. Uyu anali woyela, nthenga za m'mapiko zakuda, mlomo ndi miyendo zofiila, ndipo pa mwendo winawo anali ndi mphete yachitsulo yolembedwa. Mtundu umenewu umachokela ku Ulaya chisanu chikamayamba kumeneko, ndipo kwathu umangodutsa. Mphete zija amaveka ndi anthu ophunzila za mbalame, adokowe akali anapiye m'chisa. Msuweni wanga atanditumizila chithunzi pa foni, ndinakuwa m'kalasi mpaka ana anadzidzimuka.

Atata anam'tengela kunyumba, nam'manga mwendo ndi timitengo, nayamba kumusakila ziwala ndi achule. Mwendo unapola. Msuweni uja anatumizanso kanema woonetsa dokowe akuuluka kuchoka pabwalo kukatela pa denga la nkhokwe. Koma pamodzi ndi kanemayo panabwela mau oipa. Anthu anayamba kunong'ona kuti mbalame yovala chibangili si mbalame wamba, ndipo mkamwini amene mkazi wake anamwalila, iye osabwelela kwawo, akuisungila chiyani? Wina anali ataponyela kale dokoweyo mwala. Ndinadziwa kuti tikachedwa amupha.

Sabata lomwelo gulu la adokowe oyela linatela m'dambo lina kunja kwa Nyimba, likudya mbozi zimene zinabuka mu msipu. Adokowe sakhalitsa. Mbozi zikatha amapitilila kum'mwela, ndipo wotsala watsala. Ndinaimbila atata kuti tim'bweletse kwa anzake asanachoke. Anati, "Chabwino, bwela."

Ndinafika ku Sandwe Lachisanu m'mawa pa njinga yamoto, msana utauma, matope mpaka m'makutu. Ndinayesa ndikapuma kaye kunyumba, koma ndinapeza atata ali kale pamseu, pansi pa mtengo wa mango, atavala jekete ya ku tchalitchi dzuwa lonse lija. Pambali pawo panali dengu lalikulu lokololela chimanga. M'dengumo munali dokowe, thupi lonse litakulungidwa ndi chitenje cha amama, khosi lokha lili panja, kumutu atam'veka sokosi yoboola kuti mlomo utuluke.

"Za sokosizi anakuuzani ndani?" ndinafunsa.

"Nkhuku ukaiphimba maso siivuta. Nanga alendowa si nkhuku yaitali?"

Ankamutchula choncho, alendo, mwaulemu wa munthu wamkulu. Ndinagwada kuti ndimasule chitenje ndione mapiko, pakuti zaka zonsezi mbalamezi ndimangoziona patali, sindinaikhudzepo ndi imodzi yomwe. Atata anandigwila dzanja.

"Usawavule, Nelia. Ndavutika kuwamanga."

Ndinangosisita khosi lija. Linali lofunda, mtsempha ukugunda pansi pa chala changa. Ndinawayamika atata kuti amanga bwino.

Tinakhala pamenepo tikusuntha ndi mthunzi. Ku Sandwe motoka suufunsa nthawi, umangotchela khutu. Ndinanyamuka nditamva kulila kwa injini, koma chinali chigayo. Ndinanyamukanso, inali thilakitala yolowela kwina. Dzuwa litafika pamutu m'pamene panatulukila kalole ka a Njobvu, dalaivala wa mseu umenewo, katasenza matumba a nshawa, mbuzi, ndi anthu pamwamba pake. A Njobvu anatsika, nasuzumila m'dengu, nayang'ana atata, nayang'ana ine.

"Ichi n'chodya kapena n'choweta?"

"Ndi mlendo wochokela ku Ulaya," atata anayankha.

"Ndiye akwele ulele. Mzungu sindinanyamulepo."

Pamwamba pa matumba tinakhala moyandikana ndi namwino wa pa kiliniki ya ku Sandwe, ba Mulenga, Mbemba wa ku Kasama, amene ankapita kwawo ku tchuthi. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya: tikakumana timanyozana, iwo kutinena kuti timadya mbewa, ife kuti amadya anyani, ndipo wokwiya ndiye waluza. Amaiwa sanachedwe kuwayamba atata.

"Imwe akulu, chimadya chiyani ichi?"

"Ziwala, achule, ndi mbewa zikapezeka."

"Mbewa! Mayo! Ndiye chinadziwa kotela. Chauluka dziko lonse kufunafuna abale ake odya mbewa!"

"Akanatela kwanu mukanawapatsa mchila wa nyani," atata anatelo, nkhope ili gwa. Lole yonse inafa ndi phwete.

Tisanafike ku Sasare tinapeza kamtsinje katadzala. Kumene tinali kunalibe ndi dontho lomwe la mvula, koma kumapili kunagwa chimvula, ndipo madzi ofiila anali kuthamanga pamwamba pa mseu atanyamula zitsa ndi zinyalala. A Njobvu anazimitsa injini, nazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, nakagona pansi pa lole. Anati madzi akakasiya kamtengoko tiwoloka.

Ine ndi kamtengo kaja tinadana tsiku limenelo. Ndinkapita kukakaona, kubwelela, kupitanso, mpaka ba Mulenga anati, "Madamu, madzi amachita manyazi mukamawayang'ana. Khalani pansi." Ndinakhala, ndikutulutsa magalasi anga kuti ndidzitonthoze. Pamwamba pa madzi panali anamzeze ambilimbili akuwakha tizilombo. Nditanena kuti nawonso achokela ku Ulaya, bambo wina wa mbuzi anapukusa mutu.

"Tinthu timeneti? Madamu, musatinamize, ndife akuluakulu. Kodi kwawoko kulibe ntchentche?"

Ndinam'patsa magalasi. Anawagwila chozondoka, nadandaula kuti mbalame zathawila kutali. Atawatembenuza anakuwa, "Ala! Kali ndi ndevu zofiila!" Basi anthu anandandalika mzele, aliyense kufuna kuona ndevu za namzeze, ndipo magalasi anga anabwelela akununkha mbuzi.

Kutentha kwa Novembala ku chigwa kulibe chifundo. Nyenje zinali kulila mpaka m'mutu kuwawa. Posakhalitsa dokowe anayamba kupuma mlomo uli yasa, khosi likunjenjemela. Ndinachita mantha kwambili. Ndinati tim'masule apitidwe mphepo, koma atata anakana. Anasamutsila dengu pansi pa mkuyu, ba Mulenga nanyowetsa chitenje ndi madzi a m'botolo lawo lakumwa. Panali amai ena amene chikwelele anakhala kutali ndi dengu, akulavulila pambali chifukwa cha mphete ija. Amai omwewo ndiwo anavula duku nayamba kukupiza.

"Mwati mphete ija anam'veka ali mwana?" anandifunsa, osandiyang'ana.

"Ali m'chisa, amai."

"Ndiye kuli munthu anam'fukatapo." Anapitiliza kukupiza mpaka mkono unatopa, nasintha wina.

Azibambo anamwazikana m'udzu kukagwila ziwala. Atata anakweza sokosi pang'ono nayamba kum'patsa chimodzichimodzi, akulankhula naye pansipansi m'Chinsenga. Atakhuta, dokowe anapinda khosi chagada nayamba kuomba mlomo, kwa-kwa-kwa-kwa, ngati munthu akumenyanitsa timatabwa. Adokowe alibe mau ena koma amenewo.

"Amachita chonchi ndikamachokela kumunda," atata anauza ba Mulenga. "Ndikangotulukila pa nthochi za pakhomo, ayamba."

"Nanga kunyumba mumakhala ndi ndani, akulu?"

"Ndili ndi alendowa."

Ine ndinamva, koma maso anga anali pa kamtengo.

Madzi anaphwa dzuwa litapendeka. Amuna anawoloka atagwilana manja, akufufuza maenje ndi mapazi, lole ikutsatila pambuyo ikubuula. Titangokwela mtunda wa tsidya lija, tayala la kumbuyo linaphulika. Jeke inalipo, koma sipanala inali itatsala kwa mlamu wa a Njobvu. Anatuma munthu pa njinga kukabweleka ina ku Sasare, iwo nabweleka magalasi anga kuti aziona ngati akubwela. Ndinakhala pa thumba la nshawa ndikutukwana chamumtima mlamu amene sindinamuonepo.

Atata ndiye anali pa chikondwelelo. Anavula jekete, nagula masuku kwa amai a m'mbali mwa mseu, nagawila lole yonse, nayamba kufotokoza za mgodi wakale wa golide wa ku Sasare ndi mmene agogo awo ankasenzela miyala kumeneko. Munthu amene pa foni amangoyankha "eya" ndi "iyai", tsiku limenelo pakamwa sipanatsekeke. Ndinakondwa kuwaona akuseka, pakuti chimwalilile amama ndinali ndisanawaone mano. Koma ndinapsanso mtima poona kuti mwa tonse awili wofulumila ndinali ine ndekha.

Tinalowa mu Petauke magetsi atayaka kale, maminibasi a ku Nyimba atatha. Ba Mulenga anatsanzika, napatsa atata mankhwala a msana, nauza dokowe kuti akafika kwawo akanene kuti kum'mawa kulibe ndiwo. Ife tinakagona kwa azakhali ku komboni. Atata anadzitsekela ndi dokowe m'kanyumba kosungila makala kuti aongole miyendo, nakaniza aliyense kulowa, ati angadzidzimuke. Ine ndinaimbila a Sakala, mphunzitsi mnzanga amene amakhala pafupi ndi dambo lija. Anati gulu lachepa, ambili anyamuka masana.

"Mailo mukachedwa, Madamu, mudzapeza zitosi chabe."

Kusanache bwino tinali kale pa siteshoni. Anyamata oitanila anatithamangila akukuwa, "Nyimba, Nyimba, yatsala pang'ono!" Minibasi inalidi yodzala. Kondakitala anafuna kuponya dengu kumbuyo pamodzi ndi zigubu za petulo. Ndinamuuza kuti ayambe waponyako amai ake, ndipo ndinalipilila dokowe mpando wathunthu. Ndalama zitangolowa m'thumba mwake, anthu amene tinawapeza m'basimo anayamba kutsika mmodzimmodzi. Anali anzake ongokhalila mipando kuti basi ioneke yodzala. Ine, mwana wa ku Petauke, kupusitsidwa chonchi pa siteshoni ya kwathu! Tinatsala ine, atata, dokowe ndi amai ena a tomato.

Dokowe sauluka mamawa. Ndi mbalame yolemela, imadikila nthaka itenthe kuti mpweya wofunda uyambe kukwela, ndiye imatambasula mapiko n'kukwela nawo mozungulila. Choncho wotchi yanga linali dzuwa, ndipo dzuwa linali kukwela pamwamba pa masitolo. Munthu aliyense wodutsa ndi chikwama ndinkamuyang'ana ndi maso opempha. Mpaka ndinatulutsa mutu pa windo n'kuyamba kuitanila ndekha, "Nyimba! Nyimba!" Amai a tomato anati ndikasiya uphunzitsi ntchito ndili nayo kale.

Basi itadzala zenizeni, dalaivala ataliza injini, mpando wa atata unali wopanda munthu. Anali atanena kuti akupita kuseli. Ndinazungulila siteshoni yonse ndikuthamanga, ndipo ndinakawapeza pansi pa mtengo kwa wometa, atafundikidwa nsalu, mbali imodzi ya mutu itayela kale.

"Atata! Zoona?"

"Ndikafike kwa anzako ndili ngati chitsamba?"

"Basi ikunyamuka! Mukuchita dala kapena?"

Ndinawakoka dzanja, wometa akutitsatila kufuna nsalu yake. Anakwela basi mutu uli mbali imodzi, navala chisoti mofatsa. Anthu anaseka, ine sindinaseke.

Titangolowa mu mseu waukulu wa ku Lusaka, apolisi anatiimitsa. Wapolisi analowetsa mutu pa windo, nakumana ndi mlomo wofiila, nabwelela m'mbuyo msanga.

"Nyama ya boma iyi. Mwaitenga kuti?"

Ndinafotokoza zonse, ndinamuonetsa mphete, ndinamuonetsa pa foni gulu la m'dambo. Ndikali pakati, atata analowelela ndi mau aulemu.

"Ngati n'zoletsedwa, bwana, tingobwelela nawo kumudzi. Sitifuna milandu."

Ndinawatsina pa ntchafu. Mwamwai basi yonse inatiimila. Amai a tomato anati, "Bwana, akukam'siya kwa anzake, si wogulitsa. Mukatichedwetsa atsala yekha mwana wa eni." Wapolisi anakanda kumutu, napempha mnzake kuti amujambule ali pafupi ndi dengu, kenaka namenya denga la basi. "Fulumilani, angakusiyeni."

Pa Minga tinaimanso kukweza malata ndi matumba a feteleza, chingwe n'kuduka, n'kumanganso. Sindinathenso kukalipa. Ndinayang'ana atata. Nthabwala zonse zinali zitawathela. Dzanja lawo linali m'dengu, likusisita khosi la dokowe, maso ali pa windo osaona kanthu. Mkwiyo wa kwa wometa unandichoka. Ndinawagwila bondo.

"Akakhala bwino, atata. Akakhala ndi anzawo."

"Eya," anatelo.

Pa Nyimba tinadutsa pakati pa amai ogulitsa nthochi osagula ndi imodzi yomwe, tinakwela njinga zamoto, ndipo a Sakala anatilandila pa njila ya ku dambo akukodola ndi manja onse. Adokowe analipo. Ochepa, koma analipo, akuyenda pang'onopang'ono mu msipu, akujompha mbozi.

Tinatula dengu chapatali. Atata anagwada, navula sokosi, namasula chitenje. Dokowe anaima, nadzigwedeza, nayamba kuyenda kulunjika kwa anzake. Mmodzi anaomba mlomo, iye nayankha. Ndinalila, sindibisa. Kamtsinje, tayala, wometa, zonse ndinakhululuka. Tinakhala pa chulu tikuonelela. Ndinawapatsa atata magalasi, koma anapukusa mutu.

Kenaka kamphepo kofunda kanadutsa mu udzu. Dokowe mmodzi anathamanga nanyamuka, wina namutsatila, winanso. Wathu anathamanganso, natambasula mapiko, nakupiza, nachoka pansi pang'ono. Anapendekela kumanzele nagwa cham'mbali. Anadzuka, nayesanso, nagwanso.

Ndinaika magalasi m'maso. Phiko lamanja linali lathunthu. Ku lamanzele, nthenga zazitali zakuda zija kunalibe. Zinali zitadulidwa mzele woongoka, mmene timadulila nkhanga zoweta kuti zisathawe.

"Atata."

Sanandiyang'ane. Anavula chisoti nachigwila ndi manja onse.

"Ndi sizasi ya amako," anatelo. "Mailo m'mawa, usanafike."

"Ndiye ulendo wonsewu taubvutikila chiyani?"

"Ndinakuvomela, mwana wanga, ndipo ndinafunadi. Koma nditadzuka ndinayang'ana pakhomo paja, ndinaganiza kuti Lolemba ndikamachokela kumunda sipadzamveka kanthu. Manja anangochita. Nditadula ndinachita manyazi kukuuza. Ndinati kapena mseu utikaniza wokha."

Ndinakwiya kwambili. Ndinafuna kuwauza za nyanja ndi zipululu zimene mbalameyo inawoloka kuti idzathele pa sizasi ku Sandwe. Koma ndinaona misozi ikutsika m'makwinya a nkhope yawo. Ndinawamvela chisoni, ndinamvelanso chisoni dokowe, osadziwa kuti ndiyambe kulila ndani.

Kumwamba adokowe anali kuzungulila, akunka nachepa. Wathu anaima yekha pakati pa dambo, mutu utapendeka, diso limodzi lili kumwamba. Atata ananyamuka nalowa m'matope ndi nsapato zawo za ku tchalitchi. Dokowe sanawathawe. Anavula jekete nam'phimba kumutu kuti asaone anzake akupita, nam'nyamula pachifuwa. Iwo ndiwo anayang'ana kumwamba mpaka kunalibenso kanthu.

Atabwelela pa chulu anandifunsa, "Nthenga zimamela?"

"Zimamela, zakale zikathothoka. Koma zimachedwa. Mwina mpaka anzawo adzabwelenso chaka chamawa."

"Adzatela pano pomwe?"

"Mbozi zikadzakhalapo."

Anagwedeza mtolo uja pang'onopang'ono.

"Ku Sandwe sindingabwelele nawo, akawapha. Ayenela kukhala pafupi ndi dambo lino kuti anzawo adzawapeze." Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya. "Kuseli kwa nyumba yako kuli mpanda? Ndi kachipinda ka munthu wowayang'anila?"

Nyumba yanga ya pasukulu ilibe mpanda, ndipo chipinda chinacho chinali chodzala ndi matumba a chimanga mpaka ku denga.

"Zonse zilipo, atata," ndinatelo. "Tiyeni."